NFL Game Pass pa DAZN miyezi yopanda magemu: ndalama yanga ikubwerera pa nkhani ya Tre White

Abale amene mumatsata mpira wa ku America, funso lomwe limavuta chaka chilichonse ndi loti kodi n'koyenera kumalipirabe NFL Game Pass miyezi ino yomwe kulibe magemu, kuchokera pomwe Super Bowl yatha mu February mpaka August. Ine yankho langa ndi eya, koma osati kwa aliyense, ndipo chomwe chikundisungabe si zomwe amaonetsa live ayi, ndi kanema uja amati All-22, woonetsa osewera onse 22 kuchokera pamwamba, basi. Ndimasapota Buffalo Bills, ndimaonera kuno ku Joni komwe nthawi ndi imodzimodzi ndi kumudzi, ndiye ndifotokoza kudzera mwa munthu mmodzi yemwe nkhani yake inandigwira mtima mu 2025, Tre'Davious White, cornerback (player wa defence wotseka ma receiver, olandira mpira woponyedwa) amene anabwereranso ku Buffalo mu April 2025 atadutsa m'mavuto awiri akuluakulu a mwendo.

Kwa amene simunaigwiritseko ntchito, Game Pass ya ife okhala kunja kwa America inasamukira pa DAZN, app yoonera masewera pa intaneti, mu 2023, ndiye umatsegula akaunti ya DAZN n'kulipira Game Pass payokha, mtengo umasiyana malinga ndi dziko lomwe uli. Mkati mwake muli magemu a live season ikayamba, a preseason omwe, RedZone ya Lamlungu ija imene imangodumpha kuchoka gemu iyi kupita gemu ina komwe kukununkha touchdown, NFL Network usana ndi usiku, magemu obwereza athunthu, ena odula kukhala mphindi 40, ndiye All-22 ndikunenayo. App yake imayenda pa foni, pa laputopu ndi pa TV ya smart. Zimenezi aliyense akhoza kukuuzani, tiyeni tipite pa nkhani yeniyeni.

Chinthu choyamba choti mudziwe musanatulutse ndalama: ma practice a offseason simuwaona live. Olo mulipire bwanji, ma OTA, omwe ndi ma practice a timu a May ndi June, saulutsidwa ngati gemu, ndi momwe ligi ndi matimu amachitira, atolankhani amaloledwa masiku ena okha ndipo zojambula zimakhala zochepa. Ndiye munthu akagula poganiza kuti azionera White akuthamanga ku Orchard Park, kwawo kwa Bills, tsiku ndi tsiku akhumudwa. Chomwe mupeze pa NFL Network ndi tizidutswa tamasekondi ochepa, mtolankhani ataima kunja kwa bwalo akunena kuti wakutiwakuti akuoneka bwino, kenako abwerera ku studio kukakambanso za ma quarterback. Apa ndiye pomwe ndikuichotsera malikisi, miyezi imeneyi nkhani zimazungulira pa anthu omwewo, Mahomes, Josh Allen, makontrakiti, ndani akunyanyala, koma cornerback wa zaka 30 amene akulimbana ndi mwendo wake amangotchulidwa modutsa.

Komanso olo akanati azionetsa, OTA siikuuza zambiri za cornerback wovulala, ndipo izi ndikufuna anthu amvetse chifukwa June iliyonse timanamizika ndi mawu oti "wachira 100 percent". Pulogalamu ya offseason imakhala ya masabata 9 ndipo ili m'magawo atatu malinga ndi mgwirizano wa ligi ndi bungwe la osewera. Masabata awiri oyamba ndi misonkhano, gym ndi rehab basi. Masabata atatu otsatira amalowa m'bwalo koma offence siikumana ndi defence. Masabata anayi omaliza ndi pomwe pali masiku 10 a OTA aja, amavala zipewa, amatha kuchita 7 kwa 7 kapena 11 kwa 11 koma kugundana n'koletsedwa, ma pad a m'mapewa savala, ndipo zonsezi ndi zosakakamiza kupatula minicamp ya masiku atatu yomwe ukajomba yonse faindi yake imapitirira $100,000. Tsono taganizani, ntchito ya cornerback imayamba ndi kumugwira receiver pachifuwa mkati mwa mayadi 5 oyamba momwe malamulo amalola, kumukankha asokoneze njira yake, kenako kupikisana naye mpira uli m'malere, ndipo pomaliza kugwetsa munthu wolemera kuposa iwe akubwera full speed. Mu OTA zambiri mwa izi mulibe. Zili ngati kuyesa njinga ya kabaza pamsewu wosalala ilibe katundu, iyenda bwinobwino, koma mphamvu yake mudzaidziwa tsiku lomwe idzakwere chitunda itanyamula matumba awiri a chimanga.

Ndipo wovulala weniweni nthawi zambiri sakhala n'komwe mu 11 kwa 11. Amakhala pambali ndi a zachipatala a timu, atamumanga chingwe cha labala m'chiuno akukoka, kapena ali pa njinga yongopalasa pamalo amodzi, akakwera pang'ono amamuveka jezi yofiira yosonyeza kuti asagundidwe. Training camp ikamayamba kumapeto kwa July ngati sanakonzeke amamuika pa PUP list, mndandanda wa ovulala omwe sanayambe practice, ndipo akakhalabe pamenepo season ikamayamba ndiye kuti magemu 4 oyamba waphonya. Ndiye ukamva kuti munthu "wabwerera ku practice" uzifunsa kuti wabwerera pa siteji iti mwa zimenezi.

Tsopano All-22. Amene mumaonera pa ESPN ya pa DStv kapena pa broadcast wamba mwaona kuti kamera imatsata mpira. Mpira ukangochoka kwa center, kamera ili pa quarterback, cornerback ndi receiver wake atuluka pa sikilini pasanathe sekondi ziwiri, udzawaonanso mpira ukutera. Kutanthauza kuti ntchito yonse ya cornerback imachitika komwe iwe sukuona, umangomuona tsiku lomwe wamenyedwa touchdown n'kuyamba kumutukwana. All-22 ndi kanema yemwe makochi amagwiritsa ntchito, kamera ili pamwamba pa stadium ikuonetsa osewera onse 22, play iliyonse amaionetsa kuchokera m'mbali kenako kuchokera kumapeto kwa bwalo. Mulibe commentator, mulibe nyimbo, mulibe ma advert, poyamba imaoneka yoziziritsa nkhongono chifukwa osewera amaoneka tating'ono ndipo nambala ya jezi umachita kuisaka, koma ukangomupeza munthu wako n'kumangoyang'ana iye yekha osatsata mpira, aaa abale, ndi masewera ena ndithu.

Kuti mumvetse chomwe ndimasaka pa White ndikuuzeni kaye mbiri yake. Anachokera ku LSU, Bills anamutenga pa nambala 27 mu draft (posankha osewera ochokera ku koleji) ya 2017, chaka chomwe Sean McDermott anayamba ukochi ku Buffalo. Mu 2019 analanda mipira 6, palibe anamuposa mu ligi yonse chaka chimenecho, anangofanana ndi anzake awiri, ndipo anasankhidwa All-Pro wa first team, kutanthauza mmodzi mwa opambana pa malo ake mu ligi yonse. Anali dolo weniweni, komanso munthu wansangala, wokonda kuvina ndi kuseketsa anzake pambali pa bwalo. Pa 25 November 2021, usiku wa Thanksgiving ku New Orleans, mtsempha wa m'bondo wotchedwa ACL unaduka, timu inawina 31-6 koma palibe wa Bills anagona mosangalala. Anakhala chaka chathunthu, anabwerera pa 24 November 2022 ku Detroit, Thanksgiving inanso. Ndiye pomwe amati ayambe kuoneka ngati White wakale, pa 1 October 2023 mu gemu yomwe Bills anakwapula Miami 48-20, mtsempha wa Achilles unaduka, anaponya chipewa pansi n'kulira pabwalo pomwepo, anzake atamuzungulira. Ine zinandiwawa kwambiri tsiku limenelo, gemu yabwino ngati imene ija sindinaimvenso kukoma. Mu March 2024 Bills anamumasula, anapita ku Los Angeles Rams, anayamba magemu 4 oyamba kenako anamukhazika pansi, mu November anamugulitsa ku Baltimore Ravens, ndiye mu 2025 anabwerera ku Buffalo pa kontrakiti ya chaka chimodzi.

Mavulala awiriwa amamenya penipeni pomwe cornerback amadyera. Receiver amadziwa komwe akupita, cornerback sadziwa, iye amathamanga chambuyo maso ali pa chiuno cha mnzakeyo, ndipo receiver akangokhota iye ayenera kuponda phazi limodzi mwamphamvu, kuimitsa thupi lonse, n'kuphulika kupita mbali ina. ACL ndi kamtsempha ka mkati mwa bondo komwe kamagwira fupa la msongolo kuti lisatsetsereke kutsogolo kapena kupotoka ukaponda chonchi, kakaduka madokotala amadula kachidutswa ka mtsempha wina, nthawi zambiri wa kutsogolo kwa bondo kapena wa kuseri kwa ntchafu, n'kukaikapo, ndipo kuchira kumatenga miyezi 9 mpaka 12. Achilles ndi mtsempha waukulu uja wa kuseri kwa chidendene, ndi umene umakukankha ukafuna kunyamuka mwadzidzidzi. Munthu atha kuthamanga molunjika bwinobwino atachira, mpaka liwiro lake kubwerera, koma kuponda kuja ndi kutembenuza chiuno ndi zomwe zimabwera mochedwa, ndipo mbali ina ili m'mutu, kukhulupiriranso mwendo womwe unakugwetsapo popanda wina kukukhudza.

Ndiye zomwe ndimachita ndi izi. Ndimatsegula All-22 ya magemu ake a ku Rams pa laputopu, osati pa foni chifukwa pa foni simuona mapazi, n'kumabwereza play imodzi kangapo. Gemu ya Week 2 ya 2024 yomwe Arizona inawina 41-10, Marvin Harrison Jr. atadya mayadi 130 ndi ma touchdown awiri, defence yonse ya Rams inali m'madzi tsiku limenelo, koma ine ndinkangoyang'ana White. M'maso mwanga, mutu wake unali pomwepo, ankawerenga njira ya receiver msanga ngati kale, umaona thupi lake layamba kupendekera kolondola mpira usanaponyedwe, koma phazi likaponda pamakhala kakuchedwa kochepa kwambiri, ngati akuonjezera kasitepe kamodzi asananyamuke, komanso amaima patali ndi receiver kuposa momwe ndinkamudziwira. Kasitepe kamodziko mu NFL ndi mayadi awiri a mpata. Pa TV wamba zimenezi sizioneka, umangomva kuti "watha uyu". Koma kumbukirani kuti apa n'kuti pasanathe chaka chiduliridwe Achilles. Kenako ndimapita ku magemu a ku Baltimore kumapeto kwa season, komwe ankangolowa ma play ena osati gemu yonse, ndipo ine ndikuona kuti anayamba kumasuka, kuponda kwake kunafupika, samaopanso kuyandikira. Sindikunena kuti wa 2019 wabwerera ayi, ndikunena kuti munthu wa December sanali yemwe uja wa September, ndipo zimenezi ndinaziona ndi maso anga osati kuuzidwa ndi munthu wa mu studio. Ndalama yanga imabwerera pamenepo.

Chinanso chomwe All-22 imakuphunzitsa ndi kusiyanitsa cholakwa cha cornerback ndi cholakwa cha system. Pali ma play ena omwe pa TV amaoneka ngati cornerback wasiyidwa m'mbuyo, koma ukaona kuchokera pamwamba umapeza kuti anali mu zone, ntchito yake inali kusunga dera lapafupi ndipo safety, player wa defence woima kumbuyo kwenikweni, ndi amene anachedwa kufika pamwamba. N'chifukwa chake kubwerera kwa White ku Buffalo ndinakuona kwanzeru. McDermott, yemwe anali kochi wa Bills nthawi imeneyo, ankakonda zone kwambiri, ma safety awiri kumbuyo, cornerback maso ali pa quarterback, ndipo White anasewera mu defence imeneyi kuyambira 2017 mpaka 2023, mawu ake onse amawadziwa. Mu system yotere nzeru zimatha kubisa liwiro lomwe latsika, pomwe timu yongokonda man to man gemu yonse ingamuike poyera. Mbali inayo kunali cornerback wina, Christian Benford, yemwe anali atakhazikika, ndipo mu draft ya 2025 Bills anatenga Maxwell Hairston wa ku Kentucky pa nambala 30, mnyamata amene anathamanga mayadi 40 pa masekondi 4.28 ku combine, mayeso a osewera draft isanachitike, liwiro loposa onse chaka chimenecho. Ndiye mpikisano unali umenewo, miyendo ya mwana ndi mutu wa mkulu, ndipo OTA yopanda ma pad nthawi zonse imakometsa wa miyendo.

Sikuti ndi White yekha, ukayamba kuonera chonchi umayamba kutsata ma cornerback onse ovulala. Christian Gonzalez wa New England anavulala phewa mu Week 4 ya 2023 ku Dallas ali rookie, season yonse inathera pomwepo, koma 2024 anabwera n'kukhala All-Pro wa second team, phewa silimenya kuponda kuja ndiye kubwerera kwake kumakhala kosiyana ndi kwa bondo. Darrelle Revis anaduka ACL mu September 2012 ali ku Jets, anapita ku Tampa Bay 2013, koma ambiri amavomereza kuti Revis weniweni anaonekanso chaka chachiwiri ku New England komwe anatenga Super Bowl, ndipo izi ndi zomwe zimandipatsa chiyembekezo, chaka chachiwiri pambuyo pa opaleshoni nthawi zambiri chimaposa choyamba. Koma pali Trevon Diggs, amene anali wa Dallas, yemwe nkhani yake ndi yowawa, munthu analanda mipira 11 mu 2021, anasaina kontrakiti ya $97 miliyoni mu July 2023, September yomweyo ACL n'kuduka pa practice, anabwerera 2024 koma bondo lomwelo linafunanso opaleshoni season isanathe. Mu 2025 anasankha kuchita rehab yake kwina osati pamalo a timu, ndipo Dallas Cowboys anamudula $500,000 chifukwa kontrakiti yake inkafuna kuti azipezeka pa pulogalamu ya offseason. Mwaona kuti "zosakakamiza" zija kwa wovulala zili ndi mtengo wake, ndipo ine ndimamvetsa mbali zonse, timu ikufuna kuona bondo lomwe inalipira, munthu naye akufuna amene akumukhulupirira pa thupi lake.

Zina zofunika kudziwa. Data imadya kwambiri, musayerekeze kuonera ndi bandulo ya foni pokhapokha ngati ndinu bwana, pezani Wi-Fi, ndipo All-22 imafunadi picture yoyera chifukwa netiweki ikafooka n'kutsitsa quality osewera amasanduka timadontho, phazi ndi udzu osasiyanitsa. Magemu a mphindi 40 aja ndi abwino zedi kwa ife ogwira ntchito, gemu ya NFL imatenga maola atatu koma nthawi yambiri ndi kuima ndi ma advert, ndiye odulawo amakupatsa play iliyonse motsatizana, ndimayamba ndi imeneyo kuti ndidziwe momwe gemu inayendera kenako n'kupita ku All-22 pa ma drive omwe ndikufuna. Ndikanakonda pakanakhala njira yoti ungolemba dzina la player n'kukubweretsera ma play ake onse a All-22 pamalo amodzi, chifukwa kusaka cornerback mmodzi mu gemu ya ma play opitirira 60 a defence ndi ntchito, umafunika kuleza mtima ndi kapepala pambali kolembapo nthawi.

Za ma practice enieniwo, zaulere zimaposa zolipira, ndinene chilungamo. YouTube ya Bills imaika ma press conference a kochi ndi osewera, ndipo atolankhani omwe amakhala ku Buffalo amalemba pa X ndani wavala jezi yofiira, ndani akusewera ndi first team, ndani ali pa njinga. Zimenezo ndi zomwe zimakuuza siteji yomwe wovulala wafika, ndipo sulipira kalikonse. Ndiye ngati cholinga chanu ndi nkhani chabe, kapena mumangofuna RedZone Lamlungu ndi anzanu, dikirani August kapena September mudzalipire nthawi imeneyo, simutaya kanthu. Koma ngati muli ngati ine, muli ndi player amene mumamukonda ndipo mukufuna kudziwa nokha ngati mwendo wake wabwerera, miyezi yopanda magemuyi ndi pomwe pali mpata wokhala pansi n'kuonera bwinobwino, season ikayamba nthawi imeneyo sipezeka. Pa nyenyezi 5 ndikuipatsa 4 kwa munthu wotere, 2 kwa wongofuna za live mu June.

Training camp ya Bills imachitikira ku St. John Fisher University pafupi ndi Rochester, kumeneko ndi komwe ma pad amavalidwa ndipo kugundana kumayamba, ndiye nkhani za kumeneko ndimazipatsa kulemera kuposa za May. Mu 2025 preseason yoyamba inali ndi New York Giants pa 9 August, 1 koloko masana kwawoko yomwe ndi 7 koloko madzulo kwathu kuno, nthawi yabwino, ngakhale ma veteran ngati White nthawi zambiri salowa kapena amangosewera ma drive ochepa. Mayeso enieni omwe ndinkadikira anali Week 1 ya 2025, Baltimore ikubwera ku Buffalo Lamlungu usiku pa 7 September, kwathu kuno inali 2:20 m'bandakucha wa Lolemba, timu yomwe White anali atangochokako ndipo quarterback wawo Lamar Jackson ankamudziwa kuchokera ku practice. Ndinkati White akadzalowa, live ndidzaonera ngati wina aliyense ndi mtima uli m'mwamba, koma All-22 ikadzatuluka mkati mwa sabata ndidzayang'ana zinthu ziwiri, mtunda womwe akuima kuchokera kwa Zay Flowers kapena Rashod Bateman, ma receiver a Baltimore, mpira usanayambe, ndi masitepe angati akuponda receiver akakhota mwadzidzidzi kubwerera kwa quarterback.